Chaka Chimene Achimwene Anaima pa Ukhansala

Makina anga osokera ndinkakhala nawo pakhonde la golosale ina, moyang'anizana ndi bwalo la mpira. Tauni yathu ndi yaing'ono, ili m'mbali mwa msewu waukulu wochokera ku Chikwawa kutsikira ku Nsanje. Munthu wodutsa pa basi ankangoona msika, mabenchi a nsomba ndi anyamata a kabaza. Koma eni akefe tikati "tikakumane pa tauni" tinkanena pabwalopo.

Silinali bwalo loti n'kunyadira. Udzu unkamera nthawi ya mvula yokha, kenako mbuzi n'kuumaliza. Magoli anali a mitengo yopindika, ndipo chiswe chikadya tinkasonkha n'kuika ina. Chakumsewu kunali mzere wa mitengo ya masawu. Dzuwa la kwathu likafika paliwombo, amayi a nsomba ankasiya mabenchi awo n'kudzabisala pansi pa mitengoyo, nsomba zawo za makakana ndi milamba atazifunditsa masaka onyowa. Ana ankagenda masawu, amayiwo n'kumawakalipira m'Chisena, anawo n'kumayankha m'Chimang'anja uku akuthawa.

Lamlungu masana ndiye kunkakhala kukoma. Odula nzimbe a ku esiteti ankabwera kudzasewera ndi anzawo a m'fakitale. Anthu amenewa anachokera konsekonse, ena ku Thyolo, ena ku Mangochi, ena kutali ku Mzimba, ndiye pabwalo pankamveka zilankhulo zosiyanasiyana, aliyense akutukwana woimbira mpira m'chinenero cha amake. Asilamu ankadzapempherapo tsiku la Idi, makwaya ankadzapikisanapo, ndipo pakachitika ukwati wa anthu ambiri, oimba ulimba, mangolongondo a kwathu, ankakhazika zipangizo zawo pakati penipeni. Nyengo yotentha nzimbe, phulusa linkagwa ngati tinthenga takuda, ine n'kumangokung'untha nsalu za eni ake ndisanazisoke.

Woimbira mpira amene ankatukwanidwayo anali achimwene anga, oyamba kubadwa m'banja mwathu. Anayamba ntchito ku esiteti ali mnyamata, akudula nzimbe, mpaka anadzakhala kapitawo, kenako anapuma. Anali munthu wamtali, wa mawu aakulu, woti akaseka mumamva muli kumsika. Wenzulo yawo ankaimangirira pa chingwe cha nsapato. Anthu ankawatukwana masana, madzulo ake n'kudzawagulira thobwa, chifukwa onse ankadziwa kuti sankakondera.

Chaka china madzi atasefukira, anthu a ku Makhanga ndi midzi ina ya m'mphepete mwa Shire anawapulumutsa pa maboti n'kudzawatula kwathu. Bwalo lathu lili pamalo okwererapo pang'ono, ndiye matenti anawakhoma pomwepo. Achimwene sanatumidwe ndi munthu, koma ndiwo anasonkhanitsa anyamata ampira kukumba zimbudzi, ndiwo ankaimika anthu pamzere wa ufa kuti nkhalamba zisaponderezedwe. Kuyambira pamenepo anthu anayamba kunena kuti munthu ameneyu akuyenera udindo. Ndiye chisankho chitayandikira, akuluakulu a kutchalitchi ndi a kumzikiti anabwera limodzi kunyumba kwawo kudzawapempha kuti aime pa ukhansala.

Anavomera, koma anati aima paokha, opanda chipani. Chuma chawo chonse cha kampeni chinali njinga yakapalasa ndi mawu awo aja. Wodi yathu ndi yaikulu, midzi ina ili kutali kumphepete kwa mtsinje. Ankanyamuka m'mamawa, n'kubwerako malaya atayera ndi mchere wa thukuta. Amene ankapikisana nawo kwambiri anali mnyamata wa chipani, woyenda pa galimoto ya masipika. Akadutsa pamsika nyimbo zikugunda, achimwene ankangoyang'ana matayala a njinga yawo n'kuseka, koma ine mlongo wawo ndinkaona kuti kusekako sikunkachokera pansi pamtima.

Tsiku lina m'mawa galimoto yoyera inaima pafupi ndi khonde langa. Munatsika bambo wina wonenepa bwino, wovala malaya oyera ngati sanadutse m'fumbi lathu. Anali mwana wa m'boma lathu lomweli, koma ankakhala ku Blantyre, ndipo tinkamva kuti ali ndi maloji komanso malo omwetsera mafuta galimoto m'matauni angapo. Anali waulemu kwabasi. Anapita pansi pa masawu kukapereka moni kwa amayi a nsomba m'Chisena chenicheni, amayiwo mpaka kuwomba m'manja. Kenako anadza kwa ine.

"Mayi, ndamva kuti inu ndinu mlongo wawo wa akhansala athu," anatero.

"Sanakhale khansala, bambo," ndinayankha.

"Akhala. Anyamata, tsitsani katunduyo."

Anatsitsa mitolo ya zitenje. Nditamasula mtolo umodzi, ndinakumana ndi nkhope ya achimwene, itadindidwa pansalu yobiriwira, ikumwetulira mobwerezabwereza kuyambira kumutu mpaka kumapeto. Ndinaseka mpaka misozi. Chibadwire sindinaganizepo kuti nkhope ya mwana wa amayi anga ingakhale pa chitenje. Pambuyo pake kunabwera matisheti, lole ya masipika, ndi njinga yamoto yatsopano yoti achimwene aziyendera.

Madzulo a tsiku limenelo ndinapita kunyumba kwawo. Ndinawapeza akuizungulira njinga yamotoyo ngati ng'ombe yogula kumene, alamu anga atakhala pamkeka akusola mtedza.

"Achimwene, kodi bambo ameneyu akufuna chiyani kwa inu?" ndinafunsa.

"Ndamufunsa, iwe mlongo. Akuti sakufuna kanthu. Akuti kwawo n'kuno, ndipo watopa kuona kwawo kukutsalira."

Alamu sanadzutse mutu. Anangoti, "Kupatsa n'kuika."

"Amayi, inu mumakayikira ngakhale mvula," anatero achimwene poyankha akazi awowo. "Ine ndamuuza kuti sindigulidwa. Iye waseka, wati n'chifukwa chake wandisankha."

Sindinganame, masiku a kampeni imeneyo ndimawakumbukira ngati ukwati wautali. Makina anga sankapuma. Amayi ankabwera ndi zitenje zawo, wina akufuna diresi, wina siketi ndi duku, ndipo onse ankandichenjeza kuti ndisadule nkhope pakati. Wina ndinamusokera molakwika, nkhope ya achimwene inakakhala kumbuyo, pokhalira penipeni, ndipo tauni yonse inaseka sabata yathunthu. Tinkakwera lole ija kupita kumidzi, tikuimba, fumbi lili kobo, tikafika amayi akumeneko n'kutilandira ndi gule wa utse, kuvina mpaka miyendo kuwawa. Achimwene akaima kulankhula sankalonjeza zakumwamba. Ankanena za mjigo, za kalavati ya panjira ya kuchipatala, za denga la msika. Nkhalamba zinkagwedeza mitu n'kumati m'Chisena, "Pyadidi, pyadidi," kutanthauza kuti zili bwino.

Msonkhano womaliza unachitikira pabwalo lathu. Anthu anadzaza mpaka ana kukwera m'masawu. Bambo wa maloji uja anabwera, koma anakana kukhala pa mipando ya kutsogolo. Ndinamuona akuyenda pang'onopang'ono kumbuyo kwa anthu ndi mnzake wina, manja ali kumbuyo, kuchokera kumsewu kukafika ku goli la kumtunda. Tonse tinati ndi munthu wodzichepetsa.

Achimwene anapambana. Anyamata ampira anawanyamula pamapewa kuzungulira msika, iwo akukuwa kuti awatsitse angawathyole msana. Ndipo ntchito anaigwira. Mjigo unakumbidwa, kalavati inamangidwa. Pakhomo pawo sipankatha anthu, wina mwana wamangidwa, wina maliro akusowa galimoto. Alamu ankati nyumba yawo yasanduka depoti ya basi.

Chinali chaka chachiwiri cha ukhansala wawo pamene tinadzuka n'kupeza anthu achilendo pabwalo. Anali ndi makina a miyendo itatu oyezera malo, ndipo ankakwirira timiyala ta simenti m'makona. Mnzanga wina wogulitsa nsomba, mayi wamasiye wosaopa munthu, anawalondola ndi mpeni wake wopalira mamba uli m'manja.

"Mukuyeza chiyani pabwalo la eni ake?"

"Ife tangotumidwa, mayi. Kafunseni ku khonsolo."

Anabwera molunjika pakhonde langa. "Achimwene ako atigulitsa," anatero. Ndinamuuza kuti asambe m'kamwa. Ndinatseka makina n'kupita kukawafuna.

Nawonso sankadziwa kanthu. Anakwera njinga yamoto ija kupita ku boma tsiku lomwelo, ndipo anabwerako nkhope itagwa. Anati komiti ina ya khonsolo, imene iwo sanalimo, inali itagwirizana kale kuti malowo abwerekedwe kwa munthu wofuna kumangapo malo omwetsera mafuta, loji ndi mashopu. Bwalo la mpira ati alisamutsira kudambo, chakumtsinje. Chimene chinatsala n'chakuti makhansala onse akavomereze pa msonkhano wawo waukulu. Dzina la munthuyo sanavutike kulifunsa, poti anadziwa kale kuti ndi bambo wa maloji uja.

"Kudambo?" anatero alamu. "Kumene madzi amayambira kufika? Nanga akadzasefukiranso, matenti adzawakhoma pamadzi?"

Bambo uja anabwera yekha kunyumba kwa achimwene, ine ndili pomwepo. Anatsitsa shuga ndi mafuta ophikira, n'kukhala pampando wa ndalema ngati wachibale. Sanakweze mawu ngakhale pang'ono.

"Akhansala, ine sindinakupempheni kanthu, ndipo lero sindikukupemphani kanthu. Ndikungoti musatsekereze chitukuko. Anyamata anuwa akungokhala. Ndikamanga, alembedwa ntchito. Kodi mpira amadya?"

"Bwanji simunandiuze nthawi ija kuti maso anu ali pabwalo?" anafunsa achimwene.

"Mukanalandira nsalu zija?"

Bamboyo anaimirira, n'kunena akumwetulira kuti achimwene asadzione ngati ali okha, poti anzawo ambiri a m'khonsolo iye anawathandizanso, ngakhale mnyamata wa chipani uja amene anapikisana nawo, mafuta a galimoto yake ankagula ndi iye yemweyo. Atachoka, alamu ananyamula shuga ndi mafuta aja n'kukazisiya panja pa mpanda, ndipo zinakhala pomwepo mpaka ana a anthu oyandikana nawo anazitola.

Achimwene anakhala masiku angapo osatuluka. Kenako anatuma uthenga kumatchalitchi ndi kumzikiti kuti anthu akumane pabwalo Loweruka masana. Anaima pakati popanda sipika n'kufotokoza zonse, kuyambira zitenje mpaka timiyala ta simenti. Sunali msonkhano wokoma. Bambo wina anavula tisheti ya kampeni imene anavala n'kuiponya pansi. Mnzanga wa nsomba uja anakuwa kuti, "Ndiye kuti bwalo lonseli tinaligulitsa ndi chitenje chimodzichimodzi?" Koma panalinso anyamata amene anaimirira n'kunena kuti iwo akufuna ntchito, atopa kupalasa kabaza padzuwa, ndipo mawu awo anali omveka. Anthu anatsala pang'ono kugwirana malaya.

Phokoso litachepa, achimwene ananena chinthu chimene ambirife sitinkachidziwa. Anati msonkhano waukulu wa khonsolo si wachinsinsi, munthu wamba aliyense ali ndi ufulu wokakhala kumbuyo n'kumamvetsera. "Amene mukufuna bwalo, tiyeni. Amene mukufuna filing'i yomwetsera mafuta, tiyeninso. Zikakambidwe inu mukumva."

Tinasonkherana n'kupeza lole ya munthu wina wonyamula thonje. Tinakwera amayi a pamsika, anyamata ampira, shehe wathu, akuluampingo awiri kapena atatu, ndi anyamata ofuna ntchito aja, onse lole imodzi, tikukangana njira yonse. Ine ndinali ndisanalowepo m'maofesi a ku boma kupatula kokadindira chiphaso. Mesenjala wa pakhomo atationa anatutumuka. Anati mipando yatha. Tinati tiima. Anati m'kati mukutentha. Mnzanga wa nsomba anamufunsa ngati akudziwa kumene tachokera, kuti atiopseze ndi kutentha. Ena analowa n'kukakhala pansi kumbuyo, ena tinaima m'mawindo.

Anayamba ndi pemphero, kenako nkhani zina zambiri m'Chingerezi zimene zinkangotidutsa. Itafika nkhani ya malo, wapampando anayang'ana kumawindo, n'kunena kuti nkhani imeneyi ndi yofunika kuikambirana paokha, alendo ayambe atuluka. Apo m'pamene achimwene anaimirira. Analankhula m'Chichewa, ndi mawu awo aja a pabwalo la mpira.

"Wapampando, anthu awa si alendo. Malo tikukambawa ndi awo. Ndipo ndisanakweze dzanja pa nkhaniyi, ndili ndi mawu. Munthu amene akufuna malowa ndi amene anandigulira nsalu za kampeni. Ndi amene anandipatsa lole ndi mafuta. Njinga yamoto imene ndabwera nayo ili panjapo ndi yake. Ndanena pamaso pa anthu. Tsopano ndikupempha kuti aliyense muno amene anathandizidwa ndi munthu ameneyu anenenso, kenako tivote anthu akutiona."

Makhansala ena ankayang'ana mapepala awo, ena mafoni. Patapita kanthawi mayi wina, khansala wa wodi ya kumapiri, anaimirira pang'onopang'ono n'kunena kuti iye analandira matisheti ndi malata a sukulu ya mkaka. Kenako anakhala pansi. Palibenso wina anaimirira. Wapampando anamenya tebulo, nati akhansala atuluka m'ndondomeko ya zokambirana, ndipo nkhaniyo aiimitsa kaye mpaka komiti ikaionenso. Shehe wathu, amene anaima pambali panga pawindo, anangoti m'Chisena, "Takhuta," kutanthauza zikomo, osadziwika ngati akuthokoza achimwene kapena Mulungu.

Pobwerera tinaimba njira yonse ngati tapambana chikho. Achimwene anakwera nafe lole, njinga yamoto itamangidwa kumbuyo, ndipo m'mawa mwake anaitumiza kwa mwini wake.

Koma sitinapambane monga tinkaganizira. Nkhaniyo inazungulira miyezi yambiri. Kawiri konse tinapitanso ku boma n'kupeza msonkhano wasinthidwa tsiku popanda wotiuza. Anthu anayamba kutopa, poti tsiku lopita ku boma ndi tsiku losagulitsa nsomba. Pamapeto pake anagamula kuti malowo agawidwe. Mbali ya kumsewu inapita kwa bambo uja, mbali ya kumtunda inatsala ya mpira. Achimwene ndi mayi wa kumapiri uja anakana, koma manja a enawo anachuluka. Chokhacho n'chakuti anavota zitseko zili zotsegula, ife ochepa amene tinapita tikuwaona m'maso.

Tsiku lodula masawu ndinalipo. Anabwera ndi makina ocheka, ndipo dzuwa lisanapendeke mitengo yonse inali pansi. Amayi a nsomba anaima chapatali manja ali m'chiuno. Ana okha ndi amene anasangalala, akutola masawu panthambi zimene kale sankazifikira. Kenako kunabwera mpanda wa njerwa, ndipo kuchokera pakhonde langa sindinkaonanso goli la kumunsi, koma khoma lopakidwa laimu.

Filing'iyo ilipo mpaka lero, magetsi ake amawala usiku wonse. Anyamata ena analembedwadi ntchito, ngakhale si ambiri monga ankayembekezera. Mwana wanga wamwamuna, amene pano ali ndi kabaza wa njinga yamoto, amathira mafuta pomwepo, ndipo amati zinamuchepetsera ulendo. Sindimutsutsa. Mpira umaseweredwabe pa kabwalo kotsalako, koma n'kakafupi moti goloboyi akamenya mwamphamvu mpira umakagwera m'loji, mlonda n'kumakana nawo.

Pa chisankho chotsatira achimwene anaimanso, pa njinga yakapalasa. Anagwa. Ena ankati anadya za munthu kenako n'kumuyalutsa, ndiye ndi wosayamika. Ena ankati ndi amene anabweretsa munthuyo pakati pathu, ndiye masawu anadulidwa ndi iwo. Makhansala anzawo anali atasiya kale kuwapatsa moni. Amene anapambana anabwera ndi malole awiri a masipika, ndipo pamsonkhano wake mnzanga wa nsomba anakweza dzanja n'kufunsa kuti mafuta a malolewo wagula ndani. Anthu anaseka, mnyamatayo anayankha zozungulira, koma anapambanabe.

Achimwene sanadandaule pagulu. Anangoti zaka zawo zakwana zoti akalime. Ali ndi dimba kutsidya kwa kamtsinje kena kothira mu Shire, ndipo madzi akaphwa amasamukira komweko ndi alamu, m'kachisakasa ka udzu, kudzala chimanga, nyemba ndi mbatata. Ine maso anayamba kundivuta, ulusi sindiuonanso bwino pa singano, ndiye ndimakhala ndi nthawi yokawaona.

Ulendo wathawu ndinawoloka pa bwato m'mawa, mphepo isanayambe. Ndinawapeza atagwada m'mizere ya mbatata, tsitsi lonse litayera, akuyang'ana mapazi a mvuu imene inalowa m'munda. Inali itadya chimanga mbali yonse ya kumadzi. Anandilondolera mapaziwo mmodzimmodzi, akundifotokozera kuti ndi yaikazi, ili ndi mwana, ndipo imatulukira pa gombe liti. Ankalankhula mokwiya, koma ndinaona kuti akuinyadira.

"Ndiye muchita nayo bwanji, achimwene?"

"Ndikumba ngalande apa. Ikalumpha, basi, tigawana."

Alamu anatiitana kuti mbatata zapsa. Tinakhala pamthunzi wa chisakasa n'kumadya zootcha, tikupemerera zala, madzi akumwa ali m'chigubu chokutidwa ndi saka lonyowa. Achimwene anandifunsa za ana, za mitengo ya nsomba kumsika, za amene wamwalira ndi amene wakwatiwa. Dzuwa litayamba kupendeka anandiperekeza kugombe atasenza thumba la nyemba zoti ndikadye kunyumba, ndipo anakangana ndi mwini bwato kuti asandikhazike kumbali kumene kumalowa madzi.